Bambo Abwere Adzaone Linga

9 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko? Nanga bambo, mwendo uja ukuwalola kugona? Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha ndi chimene chinandigwira sabata yatha koma chapita. Ndati ndilembe kalata chifukwa pafoni timangofunsana moyo basi. Ndimamva ndithu kuti bambo ali pomwepo pampando wawo, akumvetsera, koma foni safuna kuilandira, ndiye nanunso mumalankhula monong'ona ngati muli m'chipatala. Kalatayi ndawapatsira adalaivala a basi aja pamodzi ndi kangachepe ka mwezi uno ndi mafuta a mwendo. Muziwapaka m'mawa ndi madzulo. Akafunsa kumene achokera musawanamize, muwauze kuti ndatumiza ndine.

Ntchito ikadali yomwe ija yochapa zovala za m'mahotela. Pano anandiika pamakina ositira nsalu za pabedi. Timaima awiri, wina agwira ngodya iyi wina iyo, n'kuilowetsa nsaluyo ili yonyowa, kuseri imakatuluka youma, yosalala ngati pepala. Kutentha kwake osanena, pofika masana malaya amakhala atamatirira kumsana. Mnzanga wa pamakinapo ndi yemwenso ndimakhala naye chipinda chimodzi. Timamutcha Wailesi chifukwa akayamba kulankhula alibe pozimitsira, koma mtima wake ndi wabwino.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Mukuidziwa kalendala ija ili pamwamba pa kabati, imene bambo amakana kuichotsa ngakhale chaka chake chinatha ine ndili ku pulayimale? Ija ya chithunzi cha linga lamiyala pamwamba pa phiri. Amayi, lingalo silili kutali ndi kuno. Ndinkadziwa kuti lili m'dziko lino, koma ndinkayesa ndi kumapeto kwenikweni kumene amafika alendo andalama okha. Wanditsegula maso ndi mnzanga wina wamagetsi amene amabwera kudzakonza makina kuntchito kwathu. Akuti ukanyamuka m'mawa umakafika dzuwa lisanafike pamutu. Iye anapitako, ndipo akuti chithunzi chimachepetsa, pamwamba pa khoma lake anthu amayenda anayi mogundana mapewa.

Tili ana, bambo ankatiimika pa kalendala ija n'kutifunsa kuti miyala ikuluikulu chonchi anaikweza bwanji kuphiri anthu opanda makina. Yankho analibe iwonso. Munthu wamangira anthu nyumba moyo wake wonse, lero mukuti chigwereni padenga paja sagwiranso kanthu, amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Ndipo ine chichokereni kwathu sanandilankhulepo. Ndikudziwa, ankafuna nditsirize za uphunzitsi, ine n'kuzisiyira panjira. Sindikuwatsutsa. Koma chaka chino n'chachitatu, zakwana.

Ndatsimikiza mtima kuti bambo abwere kuno adzalione lingalo ndi maso awo, adzaligwire ndi manja. Akuti mwezi wabwino ndi Ogasiti. Ya basi ndayamba kale kuika padera. Ndikanakonda mubwere nonse, koma golosale mungaisiyire ndani, komanso thumba langa silingafike pa anthu awiri. Inu ulendo wanu udzakhala wotsatira.

Muwauze atadya, nkhope ikamasuka. Musatchule zokhululukirana, angaume mutu. Mungoti linga basi.

Moni kwa amalume ndi onse ofunsa za ine.

Ndine mwana wanu wachisamba.

23 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira mukadali bwino monga munalembera. Ine ndilipo. Kalata yanu ndaiwerenga mobwerezabwereza mpaka Wailesi anailanda kuti aone ngati muli chithunzi cha mwamuna.

Mukuti mutawauza bambo anangodzuka n'kupita kuseri, koma mawa lake munawapeza atatsitsa kalendala akuipukuta fumbi. Ndiye mukuti mwina ndikungotaya nthawi. Amayi, inu mwakhala nawo zaka zonsezi, koma amene anatengera mutu wawo ndine. Akanakhala kuti akukana akananena mokweza mpaka aneba akanamva. Kupukuta kumeneko ndiko kuvomera kwawo.

Tsono tiyambe ndi pasipoti chifukwa imachedwa. Apempheni amalume awaperekeze, iwo amadziwa khomo loyambira. Alawire mzere usanatalike, ndipo atenge kampando kopinda ka m'golosale kaja, bambo sangaime nthawi yaitali. Pojambulitsa avule chipewa. Ndikudziwa adzakana chifukwa cha dazi, koma chithunzi cha chipewa amachibweza. Ya zonsezi ndaika mu envulopu yaing'ono, musaisakanize ndi ya katundu wa m'golosale.

Chachiwiri ndi nsapato. Za kutchalitchi zija n'zoterera, sizingakwere phiri. Muwaponditse papepala, muzungulize phazi ndi pensulo, pepalalo muwapatsire adalaivala.

Wamagetsi uja wandijambulira mmene malowo alili. Lingalo lili ndi zipata ziwiri. China ndi chimene chili pa kalendala, cholowera asilikali kale. Njira yake ndi masitepe okhaokha, ena aatali ena aafupi, akuti anachita dala kuti mdani azipunthwa. China chili kuseri, kumene ankalowetsera ngolo za chakudya. Njira yake ndi yaitali koma imakwera pang'onopang'ono, ndipo anaikamo mabenchi. Bambo tidzadzera nawo kumeneko. Lolemba satsegula. Achikulire amalipira theka akaonetsa pasipoti. M'kati muli chitsime chakuya ndi nsanja yoonera kutali.

Za mayendedwe musade nkhawa, wamagetsiyo wati adzabwereka galimoto ya msuweni wake atitengere yekha. Ndi munthu wofatsa, mowa salawa, ndipo Lamlungu lililonse amatibweretsera zipatso. Wati bambo akadzabwera akufuna adzacheze nawo nkhani ina. Izi zikhale pakati pa inu ndi ine kaye, musazitulutse ngakhale kwa amalume.

Kuntchito asintha mankhwala ochapira, fungo lake likumandichititsa nseru m'mawa. Wailesi akuti iye sakumva kanthu, koma mphuno yake inafa kalekale. Ndikumatopanso msanga, ndikafika kunyumba ndimangogwera pabedi nsapato zili kuphazi. Ndi kutentha basi.

Denga la kukhitchini lija musalole bambo akwerepo. Itanani munthu.

Ndine wanu,
wachisamba.

7 Meyi

Amayi,

Moni nonse. Pepani kuti ndakhala chete, kunali zotangwanitsa. Thupi lili bwino. Pepala la phazi ndalandira ndipo nsapato ndagula, zakuda, zokhakhala kunsi. Ndinaseka ndekha nditaona mzere wa pensulo wosagwedera chonchija. Uja simunalembe ndinu, analemba okha eni phazi.

Ndasangalala kuti zala anadinda kale ku ofesi ya mapasipoti. Mawu amene mukuti anauza amalume pobwerera, akuti iwo sangakalowere chipata cha ngolo ngati thumba la mbatata, akalowera cha asilikali, asiyeni alankhule. Akanakhala kuti sakupita akanasankha chipata? Tikakafika kumeneko mwendo ndi umene udzaweruze.

Za galimoto zija tiiwale. Wamagetsi anapeza ntchito mzinda wina ndipo anasamuka. Musandifunse za iye, ndipo nkhani ndinati akufuna kucheza ndi bambo ija muifufute. Mwachita bwino kuti simunauze munthu.

Ulendo sungafe chifukwa cha galimoto ya munthu. Lamlungu lapitali ndinadzuka n'kupita ndekha kukaiona njira. Pali sitima yonyamuka m'mawa, mipando yake ndi yabwino, mulinso chimbudzi. Imadutsa m'mafakitale, kenaka m'minda, kenaka mapiri amayamba. Ukatsika pamakhala timabasi tokafikitsa m'munsi mwa phiri. Osakwera toyamba, anthu amakanganirana pakhomo, angawagwetse bambo. Ukadikira pang'ono kamabwera kena kopanda anthu.

Amayi, ndaliona. Kabasi katangokhota ndinasowa womugwira dzanja, ndinagwira mayi wina wosamudziwa. Khomalo limatsata msana wa phiri, kukwera nawo, kutsika nawo, mpaka diso limatopa. Anthu anali ochokera kumayiko osiyanasiyana, ena atanyamula ana pamapewa, ena okalamba kuposa bambo. Sindinalowe. Ndinafika pogulitsira matikiti, ndinafunsa zonse, n'kukhala pamwala kudya buledi wanga. Ndikufuna polowa koyamba ndidzalowe ndi bambo. Komanso mapazi anali atatupa, ndi kuimirira kwa kuntchito kuja.

Madzi akumwa kumeneko ndi odula ngati mankhwala, tidzanyamula athu. Kumwamba akuti kumawomba mphepo, ndiye jekete lawo la bulawuni lija mulichape.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Musadandaule, ndikonza mwezi wamawa. Siketi munati mundisokere ija isiyeni kaye, muyezo munatenga uja sungakwanenso, kuno buledi akundinenepetsa.

Ndine mwana wanu.

16 Juni

Amayi anga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kuti inu ndi bambo muli bwino. Mwandifunsa mosazungulira, nanenso ndiyankha mosazungulira. Inde, ndi zimene mukuganizazo. Si buledi. Sikelo ndinayamba kale, akuti zonse zili bwino ndipo nthawi yake ndi kumayambiriro kwa Novembala.

Mwini wake ndi yemwe mukumudziwa. Nditamuuza anati wasangalala, sabata yotsatira foni yake inasiya kulowa. Kenaka anandiimbira mayi wina pa nambala yachilendo, kumbuyo kwake kukumveka ana. Sanandinyoze. Anangondifunsa ngati ndikudziwa kumene kuli mwamuna wake, chifukwa nayenso akumufuna. Ndilekere pomwepa, zambiri tidzakamba pamaso.

Ndinalira, sindikana. Wailesi anakhala chete tsiku lathunthu, ndiye mudziwe kuti zinali zazikulu. Koma pano maso ndapukuta.

Mukuti ulendo tiuimitse, tinamizire kuti mabwana akana tchuthi, bambo adzabwere chaka chamawa zinthu zitazizira. Amayi, ndamva, ndipo ndikudziwa kuti mukunditchinjiriza. Koma ayi. N'zochepa zimene ndinakukaniraniko pamoyo wanga, ichi ndikukana. Bambo adinda zala, avula chipewa pamaso pa anthu, ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kumsika kuti mwendo uzolowere, mwanena nokha. Lero ndiwauze kuti abwerere pakhonde? Chaka chamawa mwendowo udzakhala utakalambirapo, ndipo mwana si chinthu chobisa pansi pa bedi. Akadzamva kwa anthu, n'kudziwanso kuti tinawanamiza, pamenepo ndiye sadzandilankhulanso mpaka kumanda. Bola abwere adzandione mmene ndililimu. Akafuna kukalipa adzakalipe ndili pamaso pawo. Akafuna kubwerera ndi basi yotsatira, chabwino, koma ayambe aona linga.

Kuwauza kapena kusawauza asananyamuke ndasiyira inu, ndinu mumadziwa nyengo zawo.

Kuntchito ndinachita chizungulire pamakina tsiku lina, ndinangozindikira ndili pansi Wailesi akundikupiza ndi thawulo. Sindinavulale. Akapitawo andichotsa pamakina, pano ndikupinda matawulo nditakhala pampando. Ndi kopepuka, koma masiku andichepetsera, ndipo akumandiyang'ana pamimba kuposa kumaso. Tiona.

Ya ulendo sindinaikhudze ndipo sindiikhudza. Pasipoti ikatuluka mundiimbire tsiku lomwelo kuti ndigule tikiti isanakwere mtengo.

Musamalirire m'golosale, anthu angayese akuberani.

Ndine mwana wanu, yemwe uja.

21 Julayi

Amayi,

Ndili bwino, wam'katiyu nayenso ali bwino, mateche okhaokha. Ndilemba mwachidule chifukwa adalaivala akudikira.

Tikiti ya bambo ili mu envulopumu. Mpando ndi wakutsogolo, mbali ya kanjira, kuti aziwongola mwendo. Adalaivala ndawapempha aziwayang'anira paboda, awathandize kulemba mapepala. Pasipoti aike m'thumba la m'kati mwa jekete, osati m'chikwama. Mankhwala awo akhale pafupi. Muwaikire chakudya chouma, cha m'njira n'chodula ndipo chimatsegula m'mimba.

Pogona ndapeza. Eni nyumba ali ndi kachipinda kuseri kosungiramo katundu, andibwereka. Ine ndi Wailesi takolopa, tapachika katani, bedi ndi matiresi tabwereka kwa aneba. Khoma limodzi ndi lachinyontho, ndiye bedilo taika mbali inayo.

Kuntchito anandiuza kuti ndipume kaye, adzandiitana. Mukudziwa tanthauzo lake. Ndagula simbi, ndikusita zovala za anthu a mumsewu muno. Wolengeza ndi Wailesi, ndiye makasitomala sakusowa. Mwezi uno ndi wamawa sinditumiza kanthu, mundikhululukire.

Mukuti mawu akukukanikani, mukatsegula pakamwa mumapezeka mwayamba za mitengo ya shuga. Zisiyeni amayi, katunduyu ndi wanga. Ndikawalandira ndekha kudepoti.

Ndine wachisamba wanu.

25 Ogasiti

Amayi anga okondedwa,

Tonse tili bwino, bambo, ine ndi wam'katiyu. Ndikudziwa kuti pafoni anangokuuzani kuti tafika, taona, ndipo akabwera kumeneko sadzawonjezerapo zambiri. Ndiye ndikufotokozereni ine.

Kudepoti ndinavala diresi lalikulu la Wailesi, ngati lingabise kanthu. Bambo anatsika omalizira. Achepa thupi, amayi, simunandiuze. Nditawapatsa moni anandiyang'ana kumaso, anatsitsa maso, n'kundiyang'ananso kumaso. Ndinati ndinyamule chikwama, iwo anachikoka n'kundipatsa ndodo kuti ndiwagwirire. Masiku otsatira ankacheza ndi Wailesi, kapena ndinene kuti ankamvetsera Wailesi. Ine ankangondiyankha eya ndi ayi. Nsapato anaziyesa, anazungulira nazo pabwalo, anati zilibe vuto.

Lachinayi tinanyamuka ndi sitima ya m'mawa. Anakhala pawindo, chipewa chili pabondo. Kabasi katafika pokhota paja ndinakuuzani, ine ndinasiya kuyang'ana phiri, ndinayang'ana iwo. Anasendera kuwindo, maso ali pakhomalo osaphethira.

Pogulitsira matikiti ndinali nditakonzeka kukangana nawo za chipata. Njira ya asilikali inali pomwepo, masitepe ake akuoneka mpaka kumwamba. Anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka n'kunena kuti mwendo wawavuta m'sitima, tidzere ya ngolo. Amayi, munthuyo sankatsimphina n'komwe, kuyenda kwa kumsika kuja kunagwira ntchito. Benchi lililonse ankati tikhale, mwendo. Tikakhala ankandipatsa botolo la madzi, iwo osamwa, ndipo sankadzuka mpaka ataona kuti wefuwefu wanga watha.

Titafika pakhoma anandisiyira ndodo n'kugwira mwala ndi manja onse awiri. Anatsata mzere ndi chala, analowetsa chikhadabo pokumanira miyala, anabwerera m'mbuyo, anatsinzina diso limodzi kuona ngati khoma lawongoka. Alendo ankajambula zithunzi n'kumapita, ife tili pomwepo. Anandionetsa timizere togoba pamiyala ina, akuti mwina wosema aliyense ankaika chizindikiro chake. Pena pamene anamatapo simenti posachedwa anapukusa mutu, akuti amene anachita zimenezi akanakhala wawo akanamubweza kokanda matope. Za mmene anakwezera miyala anafunsa wolondera wina, ine ndikumasulira, nayenso anati anthu amanena zosiyanasiyana. Bambo anaoneka okondwa kuti funso lawo silinathe.

Pamwamba pa khoma mphepo inali yamphamvu. Anavula jekete n'kundiveka, osandiyang'ana. Tinakhala m'munsi mwa nsanja, kutali kukuoneka minda, njanji, ndi sitima ikukwawa ngati bongololo. Pamenepo ndi pamene anayamba.

"Mwini wake ali kuti?"

Ndinati kulibe bambo, ndipo sadzabwera.

"Nanga ntchito?"

Ndinati inatha mwezi watha, ndikusita zovala za anthu.

Ndinayamba kunena kuti ndikudziwa kuti ndawakhumudwitsanso, koma anakweza dzanja kuti ndisiye. Anati ankadziwa asananyamuke, chifukwa inu mwakhala mukulira n'kumanamizira anyezi, pomwe anyezi anatha kalekale m'golosale. Anati m'basi monse ankakonza mawu oti adzandikalipire, ndipo anali mawu okhwima bwino, koma atatsika n'kundiona ndaima ndekha pakati pa chigulu chija, ndi diresi lobwereka, anawasowa.

Kenaka anati, "Iwe mwana, mavuto onsewa ukanangonena kuti bambo bwerani. Zoti linga, linga, zinali zachiyani?"

Ndinawafunsa ngati akanabwera. Anaganiza pang'ono, n'kuyankha kuti ayi, sakanabwera. Tinaseka tonse, amayi, ine misozi ili mbwee, mpaka mlendo wina anandipatsa kansalu kuti ndipukute.

Nsanja sindinakwere. Iwo anakwera okha, pang'onopang'ono, ine ndili pansi mtima uli m'mwamba. Atafika pamwamba anasuzumira pakawindo n'kundikupizira chipewa. Potsika phiri anandigwira mkono njira yonse, ndipo m'sitima anagona tulo mpaka mumzinda.

Basi yawo ndi ya Lachisanu likudzali. Mukawalandire ndi amalume. Chithunzi chimene tinajambulitsa pachipata ndiwapatsira iwo.

Ndine mwana wanu.

29 Ogasiti

Amayi,

Moni, tonse tili bwino. Mukalandira kalatayi kwa adalaivala m'malo molandira bambo musadzidzimuke, sanadwale. Ndinati ndikuimbireni koma anandiletsa, akuti pafoni mungawakalipire, bola kalata.

Lachitatu nditayamba kuwalongedzera chikwama anandiuza kuti ndichisiye. Anali atapita kale ndi Wailesi kudepoti kukasinthitsa tikiti, ine osadziwa. Chidindo cha m'pasipoti mwawo chikuwalola kukhala mpaka pakati pa Novembala, anachita kufunsa adalaivala. Ndinawakumbutsa kuti inu muli nokha ndi golosale. Anati inu muli ndi amalume ndi aneba, ine ndili ndi Wailesi yekha, ndipo Wailesi amapita kuntchito.

Khoma lachinyontho lija analigogoda n'kupeza kuti ndi paipi ikudontha m'kati. Eni nyumba atamva anawaonetsanso masitepe osweka ndi mpanda wopendekeka. Agwirizana kuti azikonza zimenezi, kachipindako azikhalamo ulere. Pamwamba sakwera, ndawalumbiritsa. M'mawa amandiperekeza kukatenga zovala kwa makasitomala, thumba amanyamula iwo. Dzulo anandiperekeza kusikelo, anakhala pabenchi pakati pa azimayi oyembekezera okhaokha, nkhope ili gwa ngati mlonda.

Amayi, sindinawapemphe. Koma ndisaname, sindiwakakamizanso kukwera basi. Mundibwereke kwa kanthawi, ndidzakubwezerani.

Akuti ndisiye malo m'munsimu alembepo okha.

Ndine mwana wanu wachisamba.

Mayi a ana,

Ndine. Linga ndaliona. Ndi lalikulu, anamanga ndi anthu odziwa. Chaka china mudzalione nanunso, njira ndaidziwa. Mwanayu sindingamusiye yekha mmene alilimu. Ndibwera akachira. Uzani alamu azikuonani. M'bokosi langa pansi pa bedi muli levulo, chingwe ndi mpeni womangira, muwapatsire adalaivala ulendo ukubwerawu. Muikemonso tizovala ta mwana ngati mwayamba kusoka. Ngati simunayambe, yambani.